Atatu andiitana kukagona kwawo ku Joni, ndipite kwa uti?

"Zikomo mayi. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ku Zomba, ndili ndi zaka 29, sindili pabanja. Tchuthi cha mu Ogasiti ndikufuna kubwera ku Johannesburg kwa sabata ziwiri, kudzaona malo komanso kudzaoda nsapato ndi zikwama zokagulitsa. Ya basi ndi ya katundu ndasunga, koma ya malo ogona ndilibe, wachibalenso kumeneko ndilibe. Nditalemba pa gulu la Amalawi a ku Joni pa Facebook, awiri anandiyankha. Wina ndi mayi wa ku Rosettenville, akuti ndi wa Mvano, kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo ndikhoza kugona pabalaza. Wina ndi bambo wa ku Hillbrow, akuti ali ndi chipinda chapadera, adzanditenga pa basi, pasipoti adzandisungira kuopa akuba, ndipo ndikafuna andipezera ntchito. Wachitatu ndamupeza pa Couchsurfing (tsamba la pa intaneti lopezerapo wokulandira kunyumba kwake), mtsikana wa ku South Africa komweko, amakhala ku Melville. Mayi anga akuti ndapenga. Kodi ndapengadi?"

Simunapenge aphunzitsi, komanso mayi anu sakulakwa kuda nkhawa. Ambiri a ife amene tinakhazikika kuno, tsiku lofika tinagona kwa munthu amene tinali tisanamuonepo: mlamu wa mnzathu wa kusukulu, mkulu wa mpingo amene nambala yake tinangolemberedwa pa kapepala, kapena m'bale wa ku mzikiti ku Mayfair. Ngakhale azigogo athu amene ankabwera paselefu, osadzera ku Wenela, ankayenda milungu ndi milungu akupempha malo m'makomo mwa eni. Inenso pabalaza panga padutsa alendo ambiri pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza kulandira obwera kumene ku mpingo kwathu, ndipo ochuluka anabwerera kwawo bwinobwino. Ndiye kutheka n'kotheka. Kungoti anthu atatu mwatchulawo sali pamzere umodzi, ndipo mmodzi ndikufuna tithane naye pompano.

Kwa bambo a ku Hillbrow musapiteko. Dzina la malowo silikundiopsa ayi, ku Hillbrow kuli mabanja aulemu ambirimbiri, ena timapemphera nawo. Chandidetsa nkhawa ndi malonjezo awowo mukawaika pamodzi: adzakutengani pa basi muli nokha, chipinda chilipo kale, pasipoti asunga iwo, ndipo ntchito imene simunapemphe akupezerani. Munthu wongofuna kukupatsani pogona alibe nayo ntchito pasipoti yanu. Amene wasunga pasipoti ndiye amasankha tsiku loti muchoke. Ogulitsa anthu amayamba chonchi, ndipo si nthano. Mu Novembala 2019 apolisi pamodzi ndi a unduna wa zantchito atalowa mu fakitale ina ku Village Deep, kummwera kwa tauni, anapezamo Amalawi 91 akugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga, 37 mwa iwo ana. Anthu 7 amene ankayendetsa fakitaleyo anapezeka olakwa mu 2025 ndipo aliyense anamulamula kukakhala kundende zaka 20. Kumbukiraninso kuti masiku amene adzakudindireni pa boda ndi a mlendo, salola kugwira ntchito, ndiye wokulonjezani ntchito akukulonjezaninso mlandu. Ayankheni mwaulemu kuti mwapeza kwina, osawauza tsiku lofika kapena basi imene mukwere. Ngati tsikulo munalilemba kale pa gulu lija, lifufuteni.

Ine ndikamayesa malo ndimadzifunsa mafunso awiri. Munthuyu akandilakwira, adzachita manyazi kwa ndani? Nanga zikandivuta pakati pa usiku, ndingatuluke ndi chikwama changa osapempha chilolezo? Kumudzi mlendo amagona tulo tofa nato chifukwa mwini nyumba ali ndi mfumu yake, ankhoswe ake ndi anansi ake, mbiri ikaipa alibe kolowera. Joni ndi mzinda wa anthu mamiliyoni, munthu amasintha chipinda ndi nambala ya foni tsiku limodzi n'kuzimirira. Okoma mtima alipo ndithu, ambirinso. Chosowa ndi anthu amene angamumange mwini nyumba akalakwa, ndiye amenewo muwafufuze nokha musanakwere basi.

Pa mafunso awiriwa mayi a ku Rosettenville ali patsogolo, komabe mawu akuti "ndine wa Mvano" aliyense atha kuwalemba pa Facebook. Afunseni mpingo umene amapemphera kuno ndi nambala ya mlembi kapena mkulu wa mpingo, ndipo muimbe. Afunseni mudzi wawo ku Ntcheu ndi mpingo umene anachokera. Abusa anu a ku Zomba akaimba mafoni awiri atatu, wowadziwa apezeka. Mayi woona sakwiya ndi mafunso otere, pajatu nayenso ali ndi mantha ake, akulowetsa munthu wosamudziwa m'nyumba momwe muli ana ndi katundu. Apatseni nanunso nambala ya ahedi anu kapena ya abusa. Kenako muimbirane pa WhatsApp moonana nkhope, akuonetseni pomwe mudzagone, ndipo mayi anu alankhule nawo. Zimenezi zidzatsitsa mtima wa mayi anu kuposa chilichonse chimene inu munganene, komanso mayi wa kuno akalankhula ndi mayi mnzake wa kumudzi amadziwa kuti wasenza mwana wa mwini.

Pali funso limene atsikana ambiri amachita nalo manyazi, inu mulifunse: m'nyumbamo mumagona ndani ndi ndani? Nyumba zambiri ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Windsor n'zogawana, banja lililonse chipinda chake, khitchini ndi bafa za onse. Pomwe akutcha pabalaza mwina ndi podutsa anyamata a m'chipinda chakumbuyo, ena ofika usiku kuchokera kuntchito. Mwinanso mayiwo amagonera kuntchito kwa abwana n'kumabwera Loweruka lokha, ndiye masiku enawo mutsala ndi amuna awo. Pamenepo palibe walakwa, koma ndi bwino kuzidziwa muli ku Zomba kusiyana n'kudzazindikira mutavula kale nsapato.

Nyumba yeniyeniyonso muione ndi maso awiri, makamaka wina akadzakuitanani m'kati mwa tauni. Kumeneko kuli nyumba zosanja zimene zigawenga zinalanda n'kumatolera renti, madzi mulibe, magetsi ndi olumikiza mwakuba, makomo othawira ngozi ndi otseka. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu oposa 70 anafa, Amalawi anali m'gulumo. Okhala m'malo otere si anthu oipa, ndi umphawi, ndipo kawirikawiri ndi omwewo amene amafulumira kuitana mlendo. Koma mukapeza kuti masitepe mukukwera mumdima, zipinda anagawa ndi mabolodi kapena makatani, geti amakhoma ndi loko usiku, thokozani n'kukagona kwina.

Tsopano mbali imene alendo saiganizira. Sabata ziwiri pabalaza pa munthu mmodzi zachuluka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo kuno mame akachedwa kukamuka mwini nyumba amalipira. Magetsi m'nyumba zambiri ndi ogula mayunitsi, ndipo ketulo, giza ndi hita zimadya moonekeratu. A mastande (eni nyumba za renti) ena amawerenga mitu, mlendo akapitirira masiku angapo amakweza renti kapena ya madzi. Mafulati a alonda amalembetsa mlendo pageti, ena amalipiritsa akagona. Mayi aja sadzakuuzani zimenezi, ife kuuza mlendo kuti akutipweteka m'thumba sitimatha, adzangoyamba kuchepetsa mawu. Ndiye nenani nokha musananyamuke kuti ndifika tsiku lakuti, ndichoka tsiku lakuti. Masiku atatu kapena anayi akwana. Akakukondani adzakukakamizani okha kuti muwonjezere.

Musafike chimanjamanja. Mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe, botolo la Nali, chitenje, zimenezi kuno timazilandira ndi manja awiri. Nyama ndi zamasamba zaziwisi zisiyeni, pa boda zili ndi malamulo ake. Ndalama ya m'manja ambiri amakana, koma mukapempha nambala ya mita n'kukagula mayunitsi, kapena kungobwera ndi thumba la ufa ndi mafuta ophikira, palibe amene amabweza. Anthu kuno amanyamuka kusanache kuthamangira matakisi, choncho bafa m'mawa ndi la opita kuntchito, inu muzisamba iwo atachoka kapena madzulo. Pindani zogonera, tsukani mbale, musabweretse mnzanu amene mwangodziwana naye kumsika, ndipo musafunse aliyense za mapepala ake.

Chachikulu kwa ine kuposa mpunga uja ndi ichi: zimene mwaona m'nyumbamo zitsale momwemo. Ambiri amene amakana alendo ochokera kumudzi si aumbombo, amaopa kukanenedwa. Munthu amene akumanga nyumba ya malata ku Ntcheu n'kumalipirira ana anayi fizi, kuno mwina amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, mwinanso mu mkhukhu (kachisakasa ka malata). Akakulowetsani ndiye kuti wakuululirani chinsinsi chake. Musajambule n'kuika pa sitetasi. Mukabwerera, wofunsa muzingomuyankha kuti ali bwino ndipo anakulandirani bwino.

Katundu wanu gulani masiku omaliza. Mashangani atatu pabalaza pa munthu amatseka njira, komanso amaitana maso a anthu oipa ku nyumba imene inu mudzaisiya koma eni ake adzatsalamo. Masiku oyamba ingoyendani ku Dragon City, China Mall ndi Oriental Plaza kufananiza mitengo, ndipo ku ofesi ya basi yanu mufunse kulemera kololedwa ndi nthawi yolandira katundu.

Mtsikana wa ku Melville musamutaye. Couchsurfing inayamba mu 2004, ndi yodziwika padziko lonse, ndipo mwambo wake n'ngwakuti mwini nyumba salipiritsa. Kumeneko ntchito ya mfumu ndi abusa imagwiridwa ndi maumboni amene alendo akale amalemba pa tsamba la munthuyo. Awerengeni onse, osangoona kuchuluka kwake. Funani a akazi amene anagonadi m'nyumbamo ali okha, olembedwa zaka zosiyanasiyana, otchula zinthu zenizeni monga galu wa pakhomopo kapena chakudya chimene anadya. Umboni wa mawu awiri wochokera kwa munthu amene anangokumana naye kumowa ulibe kanthu. Kachizindikiro koti munthu anatsimikizidwa kamangosonyeza kuti analipira kapena anaonetsa chiphaso, za khalidwe sikanena. Aliponso amuna olandira akazi okhaokha ndi zolinga zina, ndipo ena amabisala kuseri kwa chithunzi cha mkazi, tsiku lofika n'kumva kuti "ndatanganidwa, mchimwene wanga akutengani". Zikatero bwererani. Nayenso muimbirane moonana nkhope, ndipo kukumana koyamba kukhale masana pa anthu, monga m'malo omwera khofi a pa 7th Street ku Melville komweko. Kuyambira 2020 Couchsurfing imalipiritsa mamembala m'maiko ambiri. Zofanana nayo monga BeWelcome ndi Trustroots n'zaulere ngakhale olandira alendo kuno ndi ochepa, pomwe Servas, imene inayamba mu 1949, imayamba yacheza nanu isanakulembeni.

Kachitidwe kake n'kosiyana ndi kathu. Mwina sadzakuphikirani, adzangokuonetsani firiji n'kukupatsani kiyi. Si mwano. Chimene amayembekezera ndi macheza, ndiye mufotokozereni za phiri la Zomba, mumuphikire futali kapena nsima ya nkhwani wotendera. Masiku awiri kapena atatu ndiwo amayenera. Akakutengani kokacheza usiku, chakumwa chanu chizitsegulidwa mukuona ndipo chisachoke m'manja.

Ndikanakhala inu, ndikanayambira kwa mayi a ku Rosettenville. Masiku oyamba mufunika munthu wa chinenero chanu wokuphunzitsani zala zoimitsira takisi, ndi kukuchenjezani kuti mukakhala mpando wa kutsogolo ndinu wowerengera dalaivala ndalama za anthu onse (obwera kumene ambiri atulukira thukuta pampando umenewu). Kenako Melville. Malo a masiku otsalawo mwina adzapezeka kudzera kwa amayi a kumpingo atakuonani Lamulungu loyamba. Akapanda kupezeka, fupikitsani ulendo, oda satenga sabata ziwiri.

Mwanena kuti ya malo ogona mulibe. Apa pokha ndikutsutsani. Chotsani pa ndalama ya katundu yokwanira kugona masiku awiri pamalo olipira, ndi ya Uber kapena Bolt (matakisi oitanitsa pa foni), muisunge pathupi posiyana ndi ina yonse. Ku Melville, Maboneng ndi Soweto kuli ma backpackers, komwe anthu angapo amagona chipinda chimodzi pamtengo wotsika. Sankhani amodzi muli ku Zomba, adiresi ndi nambala mulembe papepala. Ndalama imeneyi ndiyo yankho la funso langa lachiwiri lija. Atsikana amene ndawaona atapirira zosayenera kupirira, pafupifupi onse ankanena chimodzi, kuti kunja kunada ndipo analibe ya kwina. Tikiti yobwerera muduliretu.

Basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge silonjeza ola. Pa Beitbridge pokha mutha kutha maola ambiri, ndiye basi yoyenera kufika masana imakutulani pakati pa usiku. Mukatsikira pa Park Station kutada, khalani m'kati momwe muli alonda mpaka kuche kapena mpaka wokutengani afike. Musatsate wokunyamulirani chikwama kapena wokupatsani moni wokoma wa Chichewa, akuba odziwa Chichewa aliponso. Mabasi ena amatsitsira m'madepoti a m'misewu yozungulira, ndiye funsani podula tikiti ndipo muwauze mayi aja. Simukhadi ya kuno imafuna kulembetsa ndi pasipoti komanso adiresi, choncho usiku woyamba mwina mudzabwereka foni ya mnzanu wa m'basi. Manambala akhale papepala. Pa boda atha kukufunsani adiresi ya komwe mukupita, ikhale pafupi. Mukafika, tumizirani mayi anu malo enieniwo pa WhatsApp, mugwirizane ola loimbirana tsiku lililonse, ndipo mwini nyumba azimva mukuimba.

Amalawi timalowa popanda viza mpaka masiku 30, koma yang'anani chidindo musanachoke pa kauntala chifukwa nthawi zina amapereka ochepera. Mukapitirira ngakhale ndi tsiku limodzi, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka, ndipo mukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletso chake ndi zaka 5. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 limaletsanso kusunga munthu wopanda zikalata, ndiye mlendo wotha masiku amaika m'madzi ndi mwini nyumba yemwe. Pasipoti muziyenda nayo pathupi, apolisi amafunsa mumsewu. Chithunzi chake chitsale kwa mayi anu ndi mu imelo yanu.

Konzekeraninso chisanu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa mu Ogasiti pansi pa pabalaza pamazizira kuposa momwe munazolowera ku Zomba. Bwerani ndi bulangete lanu, mwini nyumba mwina alibe lapadera, komanso lidzakuthandizani m'basi. Ngati akuotha mbaula ya makala kapena hita ya parafini, isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu kuno chaka ndi chaka. Mukadzuka mutu ukuwawa kwambiri ndi chizungulire, tsegulani zitseko n'kutulutsa aliyense panja. Za kudana ndi obwera, zimabuka nthawi ndi nthawi, monga mu 2008 pomwe zinayambira ku Alexandra n'kuphetsa anthu oposa 60. Mwini nyumba akati lero musapite kutauni, mverani, dera lake amalidziwa ndi iye.

Pali zina zimene zikachitika simuyenera kudikira kuti kuche. Wina akafuna pasipoti kapena foni yanu, akakukhomerani m'nyumba, akayamba kuwerenga ngongole imene simunagwirizane, mwamuna akalowa pomwe mwagona, kapena mukauzidwa kuti chipinda chija chadzaza ndiye mugone limodzi, nyamulani chikwama. Ulemu wathu wotsanzika bwino usakumangeni miyendo, mudzapepesa pa foni muli kwina. Apolisi ndi 10111, ndipo pa foni ya m'manja 112 imalowa ngakhale mulibe eyataimu. Mukaganiza kuti inu kapena wina wagwa m'manja mwa ogulitsa anthu, imbani 0800 222 777. Ya nkhanza kwa amayi ndi 0800 428 428. Wina akakugwirirani, musasambe kapena kusintha zovala, pitani ku Thuthuzela Care Centre (malo othandizira ogwiriridwa), monga ya pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, kapena ku chipatala cha boma chapafupi, pasanathe maola 72, kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV ndi ku mimba. Kukhala mlendo sikukuchotserani ufulu umenewu. Pasipoti ikabedwa kapena kulandidwa, yambani mwakanena kupolisi n'kutenga lipoti, kenako mupite ku ofesi ya dziko lathu, ilipo ku Johannesburg konkuno ndipo ya kazembe ili ku Pretoria, akakupatseni chikalata chobwererera kwanu.

Yambani ndi foni ya kwa abusa ija sabata ino, Ogasiti asanayandikire. Zikapezeka kuti ku Ntcheu kulibe wowadziwa mayi aja, kapena akuzemba kuonana nkhope pa foni, asiyeni. Pemphani abusa anu kalata yokuperekezani ku mpingo wa kuno, muitumiziretu kwa mlembi pa WhatsApp pamodzi ndi masiku anu, ndipo amayi adzakambirana okha kuti akulandireni ndani.